Chiponde cha Masana

Kansaluko kanadulidwa ku chitenje chakale cha amayi, cha maluwa achikasu, ndipo kanali ndi tizingwe tiwiri tomangira kumbuyo kwa khosi. Amayi anakasoka pamanja, mophatikiza kawiri kuti kasamanyowe msanga. Mbali ya kumanzere kanali kakuda ndi mafuta, kolimba ngati chikopa, moti ngakhale mutakanyika m'madzi otentha ndi sopo tsiku lonse sikankayera. Mbali ya kumanja maluwa ankaoneka bwinobwino. Pakati penipeni panali timizere titatu ta mafuta totsetsereka kuchokera pamwamba. Timizere timeneto ndi zala zanga. Ndinali ndi zaka khumi.

Kansaluko kanali ka mng'ono wanga, komuveka pakhosi akamadya. Iyeyu akuti tsiku lobadwa anachedwa kulira, ndipo patangopita masiku ochepa maso ake anachita chikasu. Nthawi imene ndikunenayi anali ndi zaka zitatu, koma sankakhala pansi yekha, sankakwawa, sankalankhula. Khosi lake linali lofewa, mutu unkagwera kumanzere nthawi zonse, ngati munthu amene akumvetsera nkhani za kuseri kwa khoma. Manja ankakhala ofumbata. Nthawi zina ankauma thupi lonse n'kutembenuza maso, amayi n'kumugoneka chammbali mpaka zitadutsa. Koma kuseka kokha ankakutha. Ndikalowa m'nyumba kuchokera kusukulu, asanandione n'komwe, akangomva phokoso la masilipasi anga, ankaponya miyendo n'kuseka ndi thupi lonse, dovu lili chuu pachibwano. Palibe munthu wina amene anandilandirapo choncho mpaka lero.

Bambo anapirira chaka chimodzi. Kenaka anati kumtundu kwawo kulibe ana otere, ananyamuka ulendo wa ku Joni, ndipo foni yawo inasiya kupezeka. Tinatsala atatu ku Chinsapo, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, pamdadada wa makomo anayi. Anthu a pamdadadapo sanali oipa, koma aliyense anali dokotala. Wina ankati mwanayo analodzedwa, wina ankati timutengere kwa aneneri a kuphiri, wina ankati tizimukwirira miyendo mumchenga m'mawa uliwonse kuti ilimbe. Amayi ankangoti, "Zikomo, ndamva," n'kupitiriza zomwe anawauza kuchipatala.

Kumudyetsa mng'ono wanga inali ntchito yofuna munthu wamtima wautali. Amayi ankamukhazika m'beseni lalikulu la pulasitiki atayalamo bulangete, kuti msana utsamire. Dzanja limodzi linkachirikiza chibwano, linalo linkagwira kasupuni ka tiyi. Chakudya chinkayenera kukhala kunsonga kokha kwa supuni. Ukachiika m'kamwa, lilime lake linkachikankhira kunja, theka n'kutsikira kumanzere pakansalu paja. Theka linalo unkayenera kulidikira mpaka uone pakhosi pagwedezeka. Ukafulumira ankatsamwa, nkhope n'kuda, m'chifuwa n'kumalira mpaka madzulo.

"Osathamanga," amayi ankatero. "Mwanayu ali ndi wotchi yakeyake."

Chaka chimenecho mvula inabwera yambiri ndipo chakudya chinasowa. Ufa tinkagula wa m'timajumbo ting'onoting'ono, wokwana mpoto umodzi, ndipo tinkadya kamodzi patsiku, madzulo. Njala ya m'tauni ndi yamanyazi. Umasamba, n'kudzola mafuta, n'kutuluka panja ngati munthu amene wakhuta. Ine ndinali Sitandade 4, ndipo ikamakwana 10 koloko ndinkawodzera pansi pomwe tinkakhala, zilembo za pabolodi zikuyandama.

Mu Januwale amayi anapita ndi mng'ono wanga kusikelo, kumene ankayeza ana mwezi ndi mwezi. Alangizi a zaumoyo anamukulunga pamkono katepi ka mitundu itatu, ndipo kanaima pofiira. Tsikulo amayi anabwerako ndi jumbo yodzaza timapaketi tonyezimira ta chiponde, chija amapereka kwa ana onyentchera, cha mtedza wosakaniza ndi mkaka, shuga ndi mafuta. Anandikhazika pansi n'kundibwerezera mawu a alangiziwo monga momwe anawamvera.

"Akuti awa ndi mankhwala. Si zokometsera phala la banja. Awiri patsiku, ndipo mapepala ake osataya, tizikawaonetsa pokatenga ena."

Amayi ankagulitsa masamba ndi tomato pamsika wa m'mbali mwa msewu wa ku Likuni, ndipo malonda ankayenda masana mpaka madzulo, anthu akamaweruka kuntchito. Choncho tinagawana. Paketi ya m'mawa ankamudyetsa okha. Ine ndikafika kuchokera kusukulu, iwo ankasenza dengu n'kunyamuka, n'kundisiyira mwana m'beseni, kapu ya madzi owiritsa, kasupuni, ndi paketi ya masana ili pambale. Anandionetsa kangapo kagwiridwe ka chibwano. Ndinkanyadira kuti andikhulupirira.

Masiku oyamba ndinagwira ntchitoyo mokhulupirika, zimenezi zokha ndikhoza kulumbira. Paketi imodzi inkatenga ola lathunthu, nthawi zina kupitirira. Panja anzanga akusewera fulaye, ndikumva mpira ukugunda khoma lathu, ine ndili chogwada pasimenti yozizira kudikira pakhosi pa mwana pagwedezeke. Ndipo fungo lake linkadzaza chipinda chonse. Munthu amene sanadye kuyambira dzulo madzulo amamva fungo la mtedza ndi mano omwe.

Zinayamba ndi chala. Pong'amba pakona pa paketi, kachiponde kanandimata pachala chachikulu, ndipo ndinanyambita. Mpaka lero ndikhoza kukufotokozerani kukoma kwake: kutsekemera koyamba, kamchere kobwera pambuyo, ndi mafuta amene ankamata kumwamba kwa m'kamwa n'kukhala pomwepo mpaka madzulo. Tsiku lotsatira ndinati zimene zagwera pakansalu n'zotayika kale, palibe cholakwa kuzipala ndi supuni. Tsiku linalo ndinati bwanji ndizichotseratu theka limene adzalavule, lisanawonongeke. Mwana wanjala ndi loya wochenjera kwambiri. Sabata isanathe tinali ndi masewera athu.

"Iyi yako," ndinkatero, n'kumupatsa kansonga. "Iyi yanga," n'kudzaza supuni.

Iye ankaseka. Ankayesa ndi masewera enieni. Ndipo masewerawo anapitirira kusintha mpaka anakhala "iyi yanga, iyi yanganso," iye n'kulandira supuni ziwiri kapena zitatu zoyambirira basi, zoti pakamwa pazinunkhira chiponde amayi akabwera. Chimene chimandidzutsa mpaka pano ndi maso ake. Ankatsatira supuni kuchokera m'paketi, ndipo ikamakwera kupita pakamwa panga, iye ankatsegula pakamwa pake. Ankatsegula n'kudikira. Ikamudutsa ankatseka pang'onopang'ono, n'kundiyang'ana, n'kumwetulira. Sankadziwa kudandaula, ndipo analibe mawu oti akandinenere. Ndinasankha kubera munthu yekhayo padziko amene sakanatha kuulula.

Anthu ndikamawamva akuti mwana wa zaka khumi sadziwa chimene akuchita, ndimangokhala chete. Ndinkadziwa. Ndinkatseka chitseko ndisanayambe. Ndinkatsuka m'kamwa ndikatha. Pepala lopanda kanthu ndinkalipinda bwinobwino n'kuliika m'jumbo ya kuseri kwa chitseko momwe amayi ankasungira. Kenaka ndinkamubereka mng'ono wanga n'kutuluka naye panja, kumukhazika pakhonde m'beseni lake, ine n'kulowa m'bwalo la fulaye ndi mphamvu zimene anzanga analibe.

Oyamba kuona anali aphunzitsi. Tsiku lina ndikupereka kope anandigwira tsaya n'kunena kalasi lonse likumva, "Iwe masiku ano wayamba kuwala. Kuwodzera kuja kwathanso. Kapena bambo ako atumiza katundu kuchokera ku Joni?" Anzanga anaseka, inenso ndinaseka nawo. Mayeso a mwezi umenewo ndinakhala nambala 3, koyamba m'moyo wanga, ndipo amayi anaonetsa pepala la zotsatira zanga pamdadada ponse.

Mng'ono wanga ankapepuka. Ndinkamva ndekha kumsana ndikamubereka. Asanayambe kudwala kwambiri anali atayamba kudzutsa mutu, kuugwira mowongoka kwa kanthawi amayi akamuwerengera mpaka faifi, ndipo iwo ankaomba m'manja ngati wapambana mpikisano. Zimenezo zinasiya. Tsitsi linayamba kufiira. Amayi akabwerako kokatenga mapaketi ena ankakhala pamphasa osavula nsapato, atatsegula kabuku ka kusikelo, akuyang'ana mzere umene unkakana kukwera. "Koma akudya," ankadzilankhulira. "Mwanayu akudya."

Loweruka lina tikuchapa panja, amayi anatola kansalu kaja, kamene ndinamuveka dzulo lake masana. Anakatembenuza uku ndi uku.

"Iwe umamudyetsa bwanji mwanayu? Ine ndikamudyetsa kansaluka kamachita kudontha. Iwe kamakhala kouma."

"Amandimvera," ndinayankha, osaphethira n'komwe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ana masaya, mikono, mpaka miyendo. Kenaka anangoti, "Oo," n'kuviika kansaluko m'madzi.

Ndinaona kuti pamenepo pali kampata koyenera kutseka. Lolemba masana, nditatha kudya paketi ija, ndinasiyako pang'ono, ndinapaka kuzala zitatu n'kuzikoka pakati pa kansaluko kuchokera pamwamba mpaka pansi. Ndinakapachika pamsomali pomwe amayi akanakaona akangolowa. Ndinadziona wanzeru kwambiri. Madzulo anaimadi pamsomalipo dengu lili pamutu, akuyang'ana kansaluko. M'mawa mwake anandiuza kuti kuyambira tsikulo chiponde cha masana azimupatsa okha akabwerako kumsika, chifukwa ine ndikuchedwa kulemba ntchito ya kusukulu. Ndinakhulupirira chifukwa ndinkafuna kukhulupirira. Chimene chinandiwawa n'chakuti paketi ija yapita.

Koma nthawi inali itatha kale. Mng'ono wanga anatuluka zilonda m'kamwa n'kuyamba kukana chilichonse, ngakhale madzi. Mapazi anatupa n'kumanyezimira. Mayi wa khomo lachiwiri atawaona anauza anzake pachitsime kuti limenelo ndi tsempho, kutanthauza kuti amayi ayamba kuyenda ndi mwamuna wina bambo ali kutali, n'chifukwa chake mwana akutupa. Ndinamva ndekha ndili pamzere ndi ndowa yanga. Ndinatunga madzi anga n'kubwerera kunyumba.

Lachinayi sindinapite kusukulu. Amayi anandiuza kuti ndiwanyamulire ambulera ndi jumbo ya mapepala a chiponde. Kusikelo kunali amayi ambiri, ena pamabenchi ena pansi, sikelo itapachikidwa panthambi ya mtengo. Mng'ono wanga atamulowetsa m'kakabudula koyezera analendewera ngati chovala chonyowa, osalira n'komwe. Alangizi anayang'ana muvi wa sikelo, n'kuyang'ana m'kabuku. Anadina phazi lake ndi chala, ndipo atachotsa chalacho panatsala dzenje. Anakhuthula jumbo ija patebulo. Mapepala onse analipo, opindidwa bwino.

"Mapepala alipo, amayi, koma chiponde m'thupi mwa mwanayu mulibe. Chikupita kuti?"

Amayi anayang'ana pansi.

"Inu si mumagulitsa pamsika? Tikumva kuti pamsikapo chiponde chikupezeka pansi pa mabenchi." Phokoso la pamzere linatha, aliyense anatchera khutu. "Kapena kunyumba kuli wina amene akudya?"

Ponena mawu omalizawo anatembenukira kwa ine. Ndinali nditaima pambali ndi ambulera, masaya anga ali ngwee pakati pa ana owonda. Pomwepo amayi anasuntha phazi limodzi, n'kuima pakati pa ine ndi alangiziwo.

"Mwanayu musamuyang'ane. Ndalakwa ndine."

"Ndiye kuti mumagulitsa?"

Sanayankhe, ndipo kukhala chete kwawoko aliyense anakumva ngati eya. Alangizi anawakalipira nthawi yaitali. Anati mayi wogulitsa mankhwala a mwana wake wolumala alibe kusiyana ndi wakupha. Sindiwada alangizi amenewo. Zimene ankanena zinali zoona, anangolakwitsa munthu wouza. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto manja ali kumbuyo, ndipo tsiku lomwelo mng'ono wanga anagonekedwa kuchipatala chachikulu.

Anakhalako masabata atatu. Ine ananditumiza ku Mchesi kwa amalume, mchimwene wa amayi, amene ankakhoma mbaula ndi ndowa zamalata. Kumeneko nyundo zinkalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo chakudya chinalipo kawiri patsiku. Nkhani ya kusikelo inali itafika kale ine ndisanafike. Tsiku lina amalume akudula lata, osandiyang'ana, anati, "Mayi ako ndakula nawo, koma sindinkadziwa kuti angachite zotere. Akanabwera kudzandiuza kuti zavuta." Ndinali ndi mbatata m'manja, ya iwo omwewo. Ndinapitiriza kutafuna. Amalumewo anamwalira zaka zinayi zapitazo akukhulupirirabe zimenezo, ndipo pamaliro pawo ndinalira kwambiri moti anthu ankati ndinkawakonda kuposa ana awo.

Amalume ananditengako kuchipatala kamodzi. M'chipindamo munkanunkha mkaka ndi mankhwala okolopera. Mng'ono wanga anali ndi kapaipi kolowa m'mphuno, komatidwa ndi pulasitala patsaya, ndipo amayi ankathira mkaka m'kapaipimo pang'onopang'ono ndi jakisoni wopanda singano. Iwo anali atatha, maso atalowa m'kati, chifukwa ankagona pansi pambali pa bedi. Ndinaima pakhomo, kuopa kuyandikira. Koma masilipasi anga anali atandiulula kale. Mwendo umodzi unagwedezeka pansi pa nsalu, pakamwa podzaza zilonda paja panatseguka, ndipo anayesa kuseka. Mawu sanatuluke. Ndinauza amalume kuti ndikufuna kukataya madzi, ndipo ndinakaima kuseri kwa chipindacho mpaka nthawi yoona odwala itatha.

Mng'ono wanga anatuluka m'chipatala chimanga chachiwisi chitayamba kupezeka. Moyo anapulumuka, koma mutu uja anali atayamba kuudzutsa unatenganso chaka chathunthu kuti ubwerere pomwe unali. Lero ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Amakhala panjinga ya olumala, ali ndi mawu ake ochepa amene ife a m'nyumba timawamva, ndipo sanayendepo. Madokotala amati vuto lake linachitika tsiku lobadwa. Ndimawakhulupirira. Koma palibe dokotala amene angandiuze kuti masabata aja anachotsa zingati pa zochepa zomwe anali nazo, ndipo sindinafunsepo.

Ku Chinsapo amayi anapeza dzina latsopano likuwadikira. Ankawatchula kuti Nachiponde. Ana ankaliimba kumbuyo kwawo, ndipo pamsika makasitomala ena anasamukira pabenchi la pambali. Iwo sanatsutse kwa wina aliyense. Chimene anachita n'chakuti anasiya kundisiyira mwana. Ankasenza dengu pamutu, mwana wa zaka zitatu kumsana miyendo ikulendewera, beseni m'manja, ulendo wa kumsika. Kumeneko ankamukhazika pambali pa tomato n'kumamudyetsa kansonga ndi kansonga, anthu onse aja akuona, wogula akafika azidikira mpaka pakhosi pagwedezeke.

Ine ndikabwera kusukulu ndinkapeza m'nyumba muli zii. Pamalo paja pankakhala paketi, pambale yomweyo, pankakhala kapu yovundikira ndi sosala. M'kati munali mtedza wokazinga, wosinja mumtondo wa aneba mpaka kutuluka mafuta, wothira kamchere ndi kashuga. Tsiku loyamba amayi anangoti, "Chimene chili m'kapucho ndi chako," akumanga mwana kumsana, osandiyang'ana. Kapuyo sinaphonye tsiku mpaka nyengo yokolola. Masiku omwewo ndi amene amayi anayamba kunena madzulo kuti iwo adya kale kumsika, tizingodya.

Ndinali ndi zaka zoposa makumi awiri pamene ndinazindikira. Linali Lamulungu, ndikumudyetsa phala mng'ono wanga monga ndimachitira ndikapita kukawaona. Phala linatsikira kumanzere, monga limachitira nthawi zonse, ndipo dzanja langa linaima m'malere. Mutu wake sunagwerepo kwina. Chiyambire, palibe chakudya chake chimene chinagwerapo pakati pa nsalu. Munthu amene anachapa kansalu kaja tsiku ndi tsiku kwa zaka zitatu sakanafuna wina womuuza kuti timizere titatu tija ndi ta ndani. Amayi anali pomwepo pakhonde akusankha nyemba. Ndinatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Mpaka lero sitinakambepo, ndipo chiponde sindidya.

Koma mtsikana wa zaka khumi uja sankadziwa zimenezi. Ankakhala pakhomo ndi kapu yake, kansalu kali pawaya kakuuma ndi timizere take, iye akuganiza kuti wapulumuka chifukwa cha nzeru zake. Ankaganiza kuti mtedza wosinjawo ndi luso limene amayi anaphunzira kuchipatala. Ankadabwanso pang'ono kuti munthu wamkulu, wopemphera, ananeneranji bodza kusikelo kuja popanda womukakamiza. Sakanatha kumvetsa kuti amayi sankanama. Ankanena zimene ankakhulupirira ndi mtima wonse, kuti wolakwa ndi amene anatsekera mwana wanjala m'nyumba ndi chakudya, n'kumuuza kuti azichiika m'kamwa mwa wina. Mlandu wanga anautenga n'kuusandutsa wawo, ndipo chilango chimene anandipatsa chinali m'kapumo, chothira shuga.

Ndinanyambita kapuyo mpaka kuyera, n'kupita kukasewera fulaye.